Kwa Inu Amene Mwangoyamba Kugwira Choko

Ana anga, inu amene mwangotuluka kumene ku Kasungu, ku Machinga, ku Karonga, ku Bembeke ndi m'makoleji ena a zauphunzitsi, takhalani pansi ndikuuzeni za ntchito imene mwalowayi. Ku koleji anakuphunzitsani kulemba masikimu ndi kukonza phunziro, ndipo anachita bwino. Koma pali china chimene sichifunsidwa pa mayeso: momwe munthu angaimire pamaso pa ana tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, mtima wake osafooka. Ndaona aphunzitsi anzeru, odziwa masamu ndi Chingerezi kuposa ine, atasanduka anthu ongodikira belu loweruka. Sanayambe choncho ayi. Anafika pasukulu ndi changu chomwe muli nacho inu lero, ndipo chinawathera pang'onopang'ono iwo eni osazindikira.

Poyamba dziwani kumene unyinji wa ana mwaupezawu unachokera, kuti musamauone ngati tsoka logwera inu nokha. M'chaka cha 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana anakhamukira kusukulu. Chiwerengero chawo chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Zipinda zinachepa, makalasi anasamukira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo asanapondeko ku koleji. Anadzaphunzira ntchito ali kale pantchito, kudzera m'ndondomeko ya MIITEP imene inayamba mu 1997. Kuchokera nthawi imeneyo ana akhala akuchulukirabe aphunzitsi. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma inu nomwe mwaona kuti Sitandade 1 ya kumudzi imapitirira 100 popanda wodabwa. Ine sindidandaula kuti anawo anabwera. Mwana wa mayi wogulitsa nkhuni, amene kale akanaswera kudambo ndi mbuzi, lero ali m'kalasi mwanu, ndipo m'menemo ndi momwe ayenera kukhala. Walira mvula walira matope. Matopewo ndi anu tsopano, ndiye tiyeni tikambe za kayendedwe kake.

Ntchito yanu yoyamba ndi mayina. Musanadandaule za silabasi, phunzirani mayina a ana anu, onse. Poitana rejisitala musamangothamangitsa maso papepala n'kumamva "ndilipo" wochokera kulikonse. Itanani dzina, dzutsani mutu, muone nkhope. Tengani mayina khumi lero, khumi mawa, ndipo teremu isanafike pakati mudzakhala mutawadziwa. Mwana amene akusokosera kumbuyo samva mukamati "iwe wa malaya ofiira", chifukwa amadziwa kuti m'khamu muli pobisala. Mukamutchula dzina lake modekha, amangoti zii. Koma phindu lalikulu la mayina limabwera kwa inu. Khamu limatopetsa, ndipo palibe munthu angakonde khamu. Mwana amene mukumudziwa dzina, mukudziwa kuti amakhala ndi agogo ake kuseri kwa phiri, ameneyo mukhoza kumudzukira m'mawa.

Rejisitala yomweyo ikhale buku lanu lowerenga. Ikuuzani amene amajomba tsiku la msika, amene amasowa nthawi yothyola ndi kusoka fodya ngati muli chigawo chapakati, amene amapita kukakoka nawo makoka ngati muli kunyanja. Teremu yachiwiri imagwa mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapuma, ndipo ana ambiri amabwera asanalawe kanthu, ena amatsagana ndi makolo kukagwira ganyu. Mwana akamawodzera m'kalasi nyengo imeneyi, funsani musanakalipe. Kumene kuli phala, kaya la Mary's Meals imene inayamba kudyetsa ana m'dziko muno mu 2002 kapena la makolo eni, muzionetsetsa nthawi imene limaperekedwa, ndipo phunziro lolimba mulisunge mpaka m'mimba mwa ana mutalowa kanthu. Kumene kulibe, masamu ndi kuwerenga zikhale m'mawa dzuwa lisanakwere.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene ndikufuna muchigwiritsitse kuposa zonse. Gulani kope laling'ono, la inu nokha, losapita kwa ahedi kukasainidwa. M'menemo muzilemba tsiku, dzina la mwana, ndi chimene wachita koyamba. Wakuti lero wawerenga mawu a maphatikizo atatu yekha. Wakuti, amene chiyambire sanatsegulepo pakamwa, lero wakweza dzanja. Wakuti wabweranso atasowa masabata awiri. Mizere iwiri patsiku yakwana.

Chifukwa chake n'chakuti ntchito yathuyi imabisa zipatso zake. Mmisiri wa njerwa akaweruka amatembenuka n'kuona pamene khoma lafika, koma mphunzitsi amaweruka bolodi litafufutidwa, ana atabalalika, popanda choloza. Zotsatira za mayeso a MANEB zikatuluka, amene amayamikiridwa ndi wa Sitandade 8. Amene anaphunzitsa mwanayo kugwira pensulo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo satchulidwa n'komwe, mwina anasamutsidwa kalekale. Munthu amene saona chimene manja ake akuchita amayamba kukhulupirira kuti sakuchita kanthu, ndipo akakhulupirira zimenezo amasiyadi kuchita kanthu. Umu ndi momwe aphunzitsi abwino amathera. Sikuti amasanduka aulesi tsiku limodzi. Amangotaya umboni wakuti thukuta lawo likupita penapake. Kope lija ndilo umboni wanu. Tsiku limene phunziro lakanika, ana achita phokoso, malipiro achedwa, ndipo mukudzifunsa chimene munalowera ntchito imeneyi, litseguleni muwerenge masamba a mwezi wathawu. Mudzapeza kuti ana amene mu Seputembala sankadziwa kumene buku limayambira, lero akuwerenga.

Kopelo lidzakuthandizaninso kuti musadzinamize, chifukwa kalasi yaikulu imanamiza mphunzitsi. Mukalemba mawu pabolodi n'kuloza, ana onse amayankha pamodzi mokweza, mpaka mtima wanu kukhala m'malo. Koma ambiri mwa iwo sakuwerenga. Akuimba. Aloweza mndandanda, ndipo akutsatira mawu a anzawo asanu akutsogolo. Yesani kuloza mawu a pakati, kenako a kumapeto, kenako mubwerere koyamba, muone momwe mawu achepere. Ndondomeko ya kuwerenga imene boma linayambitsa mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 inabweretsa mabuku ndi njira yabwino yoyambira pa liwu la lembo, kupita ku maphatikizo, kenako mawu ndi ziganizo. Njirayo imagwira ntchito pokhapokha mphunzitsi akudziwa pamene mwana aliyense waima. Choncho tsiku lililonse, ena akulemba, itanani ana asanu mmodzimmodzi, aliyense akuwerengereni kwa mphindi imodzi. Pakutha pa mwezi mudzakhala mutamva ana 100 ndi makutu anu. Amene akakamira pa malembo muwadziwe, muwaike pamodzi, muziwapatsa mphindi khumi zawozawo anzawo akatuluka. Mwana amene wafika Sitandade 4 osatha kuwerenga amavutika m'phunziro lililonse, amabwereza kalasi, amakula pakati pa ana aang'ono, manyazi amamugwira, ndipo mapeto ake amasiya sukulu. Mphindi khumi zija zimatseka njira imeneyo.

Musadziphe ndi kuchonga. Makope 120 tsiku lililonse, phunziro lililonse, palibe angawathe, ndipo amene amayesa amamaliza n'kumangoika tiki osawerenga. Gawani kalasi m'magulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake wogawa mabuku ndi kusonkhanitsa makope. Chongani mukuyendayenda ana akulemba, chifukwa cholakwa chokonzedwa pensulo ili m'manja chimamveka kuposa cholembedwa ndi inki yofiira mawa lake. Masamu a yankho limodzi asinthane makope achongerane. Inu muzitenga makope a gulu limodzi patsiku, muwawerenge mofatsa. Ndipo sabata iliyonse sinthani malo okhala, akumbuyo abwere kutsogolo, pakuti m'kalasi yodzaza mzere wakumbuyo ndi kumene ana amatayikira. Okhawo amene saona bwino, amene samva bwino, ndi ana achialubino asachoke kutsogolo. Wachialubino mumulole kuvala chipewa, ndipo ngati mukuphunzirira panja akhale pamthunzi. Funsani ku TDC, kumene aphunzitsi a zoni amasonkhana, ngati m'zoni mwanu muli mphunzitsi amene anaphunzira za ana a zosowa zapadera ku koleji ya Montfort, ku Chiradzulu, kuti adzakuunikireni.

Samalani mawu anu. Mphunzitsi watsopano amaganiza kuti phokoso limagonja ndi phokoso, ndiye amakuwa kuyambira m'mawa, pofika Lachitatu mawu asasa. Gwirizanani ndi ana chizindikiro chimodzi, kaya kuwomba m'manja katatu iwo n'kuyankha, kaya kanyimbo kafupi, kaya kukweza dzanja n'kuima chilili. Mukatero dikirani. Musayambe kuyankhula wina akadayankhula. Masiku oyamba kudikirako kumaoneka kutalika, koma ana akazindikira kuti simupikisana nawo amazolowera. Musayankhule mutayang'ana bolodi, ndipo botolo la madzi lisasowe patebulo.

Za kukonzekera sindichulutsa, mukuzidziwa. Ndingoti phunziro la mawa mulikonze musanachoke pasukulu lero, chifukwa kunyumba kuli madzi otunga, ana odwala ndi mdima. Mphunzitsi wosakonzekera amalowa m'kalasi ali ndi mantha obisika, ndipo mantha amenewo amatuluka ngati ukali. Zipangizo musadikire za ku likulu. Zimene munaphunzira za TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, si za mayeso a ku koleji chabe: zitsekerero za mabotolo, njere za bwemba, timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, makatoni a kugolosale, matumba a feteleza osokerera malembo. Uzani ana abweretse, ndipo adzazisamala chifukwa ndi zawo. Pamene makope palibe, mchenga wa pabwalo ulipo.

Ndifike pa nkhani ya chikoti. Ife tinakula nacho, ndipo mudzamva akuluakulu ena, ngakhale makolo, akukuuzani kuti mwana wosamenyedwa samva. Unduna unaletsa kumenya ana m'sukulu, ndipo ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Mwana wamantha amaphunzira chinthu chimodzi, kubisala. Salankhula, safunsa, amakopera kwa mnzake kuti apulumuke. Chibalo chokumbitsa dzenje kapena kutchetcha nthawi ya phunziro nachonso n'chopanda nzeru, chifukwa mwana amene watsalira kale ndi yemwe mukumutulutsanso m'kalasi. Mwambo ukhalepo, wolimba ndithu, koma ukhale wodziwika: malamulo ochepa, opangidwa pamodzi ndi ana, ogwira aliyense mofanana, mwana wa amfumu ndi mwana wamasiye. Mtima ukawira musagamule mlandu. Muuzeni mwanayo kuti mukambirana pa buleki, ndipo pofika nthawiyo mudzakhala mutazizira.

Lilime limapweteka kuposa chikoti. Alipo anthu a imvi lero amene amakumbukirabe tsiku limene mphunzitsi anawanena kuti "mbuli iwe" pamaso pa anzawo, ndipo ena mwa iwo sanabwererenso kusukulu. Dzudzulani chimene mwana wachita, osati chimene ali. Ndipo mukayamikira, tchulani chenicheni chimene wachita bwino, kuti adziwe choti abwereze.

Tikambe za ndalama, pakuti aphunzitsi ambiri amene ndinawaona akufooka sanafooketsedwe ndi ana. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale ndi ochepa, nthawi zina amachedwa, ndipo zinthu zimakwera mtengo osadikira. Zimenezi n'zoona ndipo si zoyenera. Dandaulo lanu lipite kumene lingamveke, kudzera ku bungwe la aphunzitsi la TUM ndi kwa akuluakulu a maphunziro, ndipo musachite manyazi kulinena. Koma lisalowe nanu m'kalasi, chifukwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sindiye amasunga thumba la boma. Thawani katapila, ana anga. Thawaninso ngongole zodula kumalipiro zimene amakunyengererani nazo mwezi woyamba womwe, mpaka pa mapeto a mwezi kumatsala ndalama yosakwana thumba la chimanga. Mphunzitsi wa ngongole amaphunzitsa khutu lili kumsewu, kumvetsera ngati mwini ndalama akubwera. Lowani SACCO kapena banki m'khonde, muzisunga kangachepe mwezi ndi mwezi. Pemphani kamunda, limani ndiwo, wetani nkhuku. Kabizinesi si tchimo, bola kasadye nthawi ya ana, ndipo musasandutse kalasi yanu msika wa zitumbuwa zanu. Choipitsitsa ndi kubisa phunziro m'mawa kuti mukaligulitse madzulo kwa ana amene makolo awo angalipire. Ana amaona, ndipo ulemu ukachoka mwanjira imeneyo subwerera. Za mowa ndingonena kuti mudzi wonse umadziwa mphunzitsi amene Lolemba amafika maso ali psuu, ndipo ana ake amadziwa koyamba.

Onetsetsani amene mumakhala nawo pa buleki. Pasukulu iliyonse pamakhala kagulu kamene nkhani yake ndi imodzi chaka chonse: ana a masiku ano ndi opanda nzeru, ahedi ndi okondera, ntchitoyi ilibe phindu. Zina mwa zimene amanena n'zoona, n'chifukwa chake zimalowa msanga. Apatseni ulemu, koma musakhazikike pamenepo. Pasukulu pomwepo pali mayi wina kapena bambo wina wachete, amene kalasi yake imakhala bata popanda ndodo, ana ake amawerenga. Pitani kwa ameneyo mukamupemphe kuti mukhale kumbuyo kwa kalasi yake phunziro limodzi. Kenako mumupemphe adzaonerere yanu, akuuzeni mosabisa. Safunsa anadya phula. A PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, akabwera musawaone ngati apolisi. Auzeni chimene chikukukanikani, chifukwa ntchito yawo ndi kulangiza. Misonkhano ya ku TDC musamaiyeze ndi alawansi yokha. Kumeneko mumakumana ndi anzanu a sukulu zina amene akulimbana ndi zomwe mukulimbana nazo, ndipo njira imodzi yabwino yotengedwa kumeneko ikhoza kukupeputsirani teremu yonse.

Apa ndiyankhula ndi inu anyamata makamaka, ndipo ndiyankhula mosazungulira. Mtsikana wa m'kalasi mwanu ndi mwana wanu. Ngakhale atakula thupi, ngakhale atakusekererani, ngakhale makolo ake ataoneka ngati akuvomereza, ndi mwana. Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Mphunzitsi amene amachita chibwenzi ndi wophunzira wake waononga moyo wa mwanayo, waononga ntchito yake, ndipo wachititsa kuti makolo a mudzi wonse aziopa kutumiza ana awo aakazi kusukulu. Musatume ana kunyumba kwanu kukatunga madzi, kukasesa kapena kukaphika. Mukafuna kuyankhula ndi mtsikana payekha, chitseko chikhale chotsegula kapena mukhale pabwalo poonekera. Mukaona mnzanu akuchita zoterezi musamubise, kauzeni ahedi. Inunso aphunzitsi aakazi, dziwani kuti kumidzi ina inu ndinu mkazi yekhayo wolandira malipiro amene atsikana amamuona ndi maso. Muziwafunsa akasowa masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo gwirani ntchito ndi gulu la amayi la pasukulu. Mtsikana akatenga pathupi, ndondomeko imene ilipo kuyambira 1993 imamulola kubwerera kusukulu akabereka. Ambiri sabwerera chifukwa palibe amene anapita kukawaitana, kapena chifukwa atabwera anasekedwa mphunzitsi akuonerera. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Koma mfumu ikabweza mwana, amene amamulandira pakhomo la kalasi ndinu.

Mudzi umene mwatumizidwako muulemekeze. Kaonekereni kwa amfumu mukangofika, phunzirani moni wa chiyankhulo chawo ngati si chanu, pamaliro musasowe. Makolo musamawaitane pokhapokha mwana akalakwa. Mukakumana ndi mayi pachigayo, muuzeni kuti mwana wake wayamba kuwerenga, muone momwe nkhope yake isinthire. Tsiku limene denga la kalasi lidzasasuke ndi mphepo, kapena madzi adzasefukire monga anachitira namondwe Freddy m'chigawo chakumwera mu Malichi 2023, sukulu zambiri n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi, anthu omwewa ndi amene mudzagwire nawo ntchito yobwezera ana m'kalasi.

Pumulani. Loweruka ndi Lamlungu zikhale zanu ndi banja lanu, pempherani ngati mumapemphera, tchayani mpira, kaoneni abale. Mukadwala pitani kuchipatala, musamangomwa Panado n'kumaima pabolodi. Ngati mtima walemera kwa masabata, tulo osabwera, chakudya osakoma, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo kaonaneni ndi achipatala. Amene muli ndi mwayi wopitiriza maphunziro, kaya ku koleji ya Domasi kaya kwina, pitirizani, ndipo ngakhale mulibe mwayiwo musasiye kuwerenga. Mphunzitsi amene iye mwini akuphunzira kanthu amakumbukira momwe kusamvetsa kumawawira, ndipo amaleza mtima ndi mwana wochedwa kumva.

Chaka chikatha ana anu adzapita kwa mphunzitsi wina, kapena inu mudzalandira kalata yokusamutsani. Musachoke chimanjamanja. Khalani pansi ndi amene akutenga kalasiyo, mutsegule kope lanu lija, mumuuze mwana ndi mwana: uyu akuwerenga bwino koma masamu ochotsera akumuvuta, uyu samva khutu lakumanzere ndiye azikhala mbali iyi, uyu amasowa nthawi ya njala koma mukatuma uthenga kwa agogo ake amabwera, awa asanu ndi amene ndimatsala nawo mphindi khumi ndipo afika pa maphatikizo. Mukatero mnzanuyo sadzataya teremu yathunthu akufufuza zimene inu mukuzidziwa kale. Ndipo nanunso mukalandira kalasi yatsopano, pitani kwa amene anali nayo chaka chatha mukamufunse zomwezo, ngakhale iye asanaganize zokuuzani.